Funsani Dokotala: Chotupa cha pakhosi, singano, ndi mantha a khansa

Makalata atatu mwa amene afika mwezi uno akunena za chotupa cha m'chithokomiro. Ndawaika pamodzi mwadala, chifukwa eni ake ali pa mavuto osiyana kwambiri, ndipo yankho la mmodzi likhoza kumupweteka mnzake atalitenga ngati lake. Muwerenge onse atatu musanasankhe lofanana ndi lanu.

Adokotala, ndine mayi wa zaka 43. Mwana wanga wamkazi ndi amene anaona pa chithunzi chimene anandijambula kuti kutsogolo kwa khosi langa, cha kumanja, kwatupa. Ndikameza malovu chotupacho chimakwera n'kutsika. Sichipweteka. Kuchipatala ananditenga magazi, akuti ali bwinobwino. Kenako anandijambula pa sikani, ndipo pa pepala analemba kuti chotupacho n'cha masentimita 1.8, cholimba, TR4. Tsopano akuti andibaye singano pakhosi pomwepo kuti atenge zokayeza. Alamu anga akuti ndisayerekeze, chifukwa khansa ukaibaya imalusa n'kumwazika thupi lonse. Komanso mayi anga anakhala ndi chithokomiro chachikulu zaka zambiri, sanabayidwepo, ndipo anamwalira ali ndi zaka 81 ndi matenda ena. Ngati magazi ali bwino, singanoyo ndi ya chiyani? Kapena adokotalawo akundibisira kuti ndi khansa? Tulo sindikutiona.

*Mayi wosowa tulo*

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, poti ndi limene likukulandani tulo. Adokotala anu sakukubisirani kanthu. Iwonso sakudziwa, ndipo n'chifukwa chake akufuna singanoyo. Akanakhala kuti akudziwa kale, sakanataya nthawi yawo ndi yanu.

Chithokomiro tonse tili nacho, ngakhale kuti dzinali timalitchula kawirikawiri chikatupa. Ndi kachiwalo kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, kamene kamakhala kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, ndipo kamalemera magalamu pafupifupi 20. Kanamatirira ku njira ya mpweya, ndiye munthu akameza, iko kamakwera limodzi ndi kholingo. Zimene mukuona pomeza malovu zikungosonyeza kuti chotupa chanu chilidi m'chithokomiro. Sizikunena ngati n'choopsa kapena ayi.

Zotupa zotere n'zofala kuposa mmene anthu amaganizira. Tikamapapasa khosi ndi zala zokha, timazipeza mwa amayi pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndi mwa bambo mmodzi pa 100. Titati tisonkhanitse anthu achikulire osadandaula kalikonse n'kuwaika onse pa sikani, tikhoza kupeza tizotupa mwa theka la iwo, mwinanso kuposa. Pa zotupa 100 zimene zimafika poyezedwa, za khansa zimakhala pakati pa 5 ndi 15. Zina zonsezo ndi timatumba ta madzi, kapena mbali ya chithokomiro imene yangokula kuposa inzake. Ntchito yonse imene takonzera magazi, sikani ndi singano ndi yofufuza zochepa zija pakati pa zambirizo, popanda kung'amba makosi a anthu onse.

Za magazi anu. Chimene anayeza chimatchedwa TSH. Imachokera m'kachiwalo kena kamene kali pansi pa ubongo, ndipo imagwira ntchito ngati kapitawo wolamula chithokomiro. Chithokomiro chikachita ulesi, kapitawoyo amakweza mawu ndipo TSH imakwera. Chikamapanga mopyola muyezo mahomoni, timadzi timene chimatumiza m'magazi kukayendetsa ntchito za thupi, amakhala chete ndipo TSH imatsika. Timayamba ndi TSH chifukwa ikapezeka yotsika, nkhani imakhota. Munthu wotero nthawi zambiri amadandaula za mtima wothamanga, thukuta, kunjenjemera kwa manja ndi kuonda akudya bwino, ndipo timamutumiza ku sikani ina yogwiritsa ntchito ayodini wapadera. Chotupa chikapezeka kuti ndicho chikupanga mahomoni ochulukawo, sichikhala khansa kawirikawiri, ndipo singano siifunika. Koma TSH ikakhala bwinobwino, ngati yanu, yangotiuza kuti chithokomiro chikugwira ntchito yake. Za mtundu wa maselo amene ali m'chotupacho sinanene kanthu. Anthu ambiri amene timawapeza ndi khansa ya chithokomiro magazi awo amakhala abwinobwino.

Izi ndimazinena ndi mtima wolemera, chifukwa ndinaziphunzira pa munthu. Nditangoyamba ntchito, kunabwera mnyamata wa zaka 24 ndi kachotupa pakhosi. Ndinayeza magazi, ndinaona kuti ali bwino, ndinamuuza kuti apite asadandaule. Patatha chaka ndi miyezi anabweranso ali ndi timbulu tolimba m'mbali mwa khosi. Inali khansa, ndipo inali itafika kale m'timbulu timeneto. Anachitidwa opaleshoni, analandira mankhwala, ndipo ali moyo mpaka lero, koma opaleshoni yake inakula chifukwa cha mawu anga aja. Kuchokera tsiku limenelo, munthu wa chotupa cha m'chithokomiro sindimutsanzika asanapite pa sikani.

Sikani imene munajambulidwayo, ya ultrasound, ndi imene imatithandiza kwambiri. Wojambula amayang'ana zinthu zingapo. Kodi m'kati muli madzi kapena mnofu? Chotupa cha madzi okhaokha sichikhala khansa pafupifupi nthawi zonse, ndipo chooneka ngati siponji, cha timabowo tambirimbiri, nachonso sichitidetsa nkhawa. Cha mnofu wolimba timachiyang'anitsitsa: ngati chikuoneka chakuda kuposa chithokomiro chozungulira, ngati m'mphepete mwake muli mokumbikakumbika, ngati muli timadontho toyera tonga mchenga, ngati chatalika cholowa m'kati mwa khosi kuposa mmene chatambalalira m'mbali, kapena ngati chaboola malire a chithokomiro. Chilichonse mwa izi chimapatsidwa mapointi, ndipo akaphatikizidwa chotupa chimagwera m'gulu limodzi mwa magulu asanu, kuyambira TR1 mpaka TR5. Dongosolo limeneli, lotchedwa TI-RADS, linatulutsidwa mu 2017 ndi bungwe la American College of Radiology.

Malamulo ake amaphatikiza maonekedwe ndi kukula. Cha TR5, chokayikitsa kwambiri, timachibaya chikafika sentimita imodzi. Cha TR4 chikafika masentimita 1.5. Cha TR3 timachidikira mpaka masentimita 2.5. Chanu ndi TR4 cha masentimita 1.8, ndiye changopitirira pang'ono mzere umenewo. Pa zotupa 100 za gulu lanuli, zimene zimadzapezeka kuti ndi khansa ndi pakati pa 5 ndi 20. Mwayi waukulu uli kumbali yanu, komabe chiwerengero chimenecho si chaching'ono moti n'kungochinyalanyaza.

Tsopano alamu anu. Ndikumva kumene mantha awo akuchokera. Ambiri tinaonapo wachibale amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ina, n'kumwalira patangopita miyezi yochepa, ndipo pamaliro anthu anati mpeni ndi umene unaidzutsa. Kawirikawiri matendawo amakhala atafalikira kale munthuyo asanafike pa tebulo la opaleshoni. Singano imene tikunena pano ndi yopyapyala kuposa ija anakutengerani magazi pamkono. Yagwiritsidwa ntchito pa zithokomiro za anthu mamiliyoni kwa zaka makumi angapo, ndipo zoti maselo a khansa atsalire m'njira imene singano yadutsa zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, moti palibe dokotala wa chithokomiro amene angakuletseni kuyezedwa pa chifukwa chimenecho. Ngati n'kotheka, alamu anuwo muwatenge tsikulo, akadzionere okha.

Zidzayenda chonchi. Mudzagona chagada, pilo ali kunsi kwa mapewa kuti khosi litambasuke. Adzapukuta khungu, adzaika kachipangizo ka sikani pakhosi kuti aziona nsonga ya singano ikulowa m'chotupamo, ndipo adzakupemphani kuti musameze kapena kulankhula kwa masekondi angapo. Amabaya kawiri, katatu kapena kanayi, malo osiyana a chotupacho. Zonse zimatha mphindi 15 kapena 20, ndipo mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo, mwina pakhosi pakuwawa pang'ono ngati pamene pabayidwa jakisoni. Ngati mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin kapena aspirin, muwauze tsikulo lisanafike.

Zotsatira zidzabwera ndi nambala ina, ndipo ndikufuna muidziwiretu kuti isadzakudzidzimutseni. Akatswiri oyang'ana maselo pa maikulosikopu anagwirizana za magulu asanu ndi limodzi pa msonkhano wa mu 2007 ku Bethesda, m'dziko la America, ndipo dongosololo linatenga dzina la malowo. Gulu 1 likutanthauza kuti maselo amene anatengedwa ndi ochepa, sakukwanira kuweruzira, ndiye muyenera kubayidwanso. Anthu ambiri akamva zobwereza amaganiza kuti papezeka choipa, pamene singano inangotenga magazi kapena madzi. Gulu 2 ndi chotupa chosaopsa, ndipo ndi kumene zotsatira zambiri zimagwera, pafupifupi 6 kapena 7 pa 10 zilizonse. Mukagwera apa simufunika opaleshoni. Mudzajambulidwanso pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri kuti tione ngati chikukula. Gulu 5 n'lokayikitsa kwambiri, ndipo gulu 6 ndi khansa.

Ovuta ndi magulu 3 ndi 4, amene sanena kuti inde kapena ayi. Apa odwala amakwiya nafe, ndipo sindiwadzudzula. Pali mtundu wa chotupa, wotchedwa follicular, umene maselo ake amaoneka chimodzimodzi kaya ndi khansa kaya ayi. Kusiyana kwake kumaonekera pa chikopa chokuta chotupacho: ngati maselo achiboola kapena alowa m'mitsempha ya magazi, ndi khansa. Singano imatenga maselo okha, chikopacho siingachione. Ndiye nthawi zina timabwereza kuyeza, kwina kumene zipangizo zilipo amayeza majini (DNA) a maselowo, ndipo nthawi zina timachotsa theka la chithokomiro kuti chotupa chonse chikaonedwe ku labotale. Pa anthu 10 a m'magulu awiriwa, awiri kapena atatu ndi amene amapezeka ndi khansa.

Mayi anu aja ayenera kuti anali ndi chithokomiro chongokula chonse, chimene padziko lonse chimayamba kawirikawiri chifukwa cha kuchepa kwa ayodini m'thupi. Anthu ambiri amakalamba nacho. Koma khosi lawo silingayankhire khosi lanu. Chimene ndingakonde kuti mufufuze kwa achibale n'chakuti kodi alipo wina, makamaka kholo, m'bale kapena mlongo wanu, amene anauzidwapo kuti ali ndi khansa ya chithokomiro. Yankho lake mukawauze adokotala anu. Ndipo singanoyo kabayitseni, mayi.

Adokotala, ndine bambo wa zaka 62. Kwa miyezi itatu mawu anga asasa, ngakhale kuti sindinadwale chimfine. Kumanzere kwa khosi kuli chotupa cholimba ngati mwala, ndipo ndikuona ngati chakula kuyambira pamene ndinachizindikira. Pambali pake palinso timbulu tiwiri. Palibe chimene chikupweteka. Akazi anga akundikakamiza kupita kuchipatala, koma ndinawerenga kuti zotupa za chithokomiro zambiri si khansa. Ndidikire kaye kuti ndione ngati chiphwe?

*Bambo wa mawu osasa*

Bambo, musadikire. Mverani akazi anu, ndipo mupite sabata ino.

Zimene munawerenga n'zoona, ndazilembanso ine pamwambapa, koma zimanena za zotupa zonse zitasakanizidwa pamodzi. Inu mwatchula pafupifupi chizindikiro chilichonse chimene chimatichotsa pa mpando: chotupa cholimba, chimene chikukula, timbulu m'mbali mwa khosi tija timatupa munthu akachita mwanabere, ndi mawu osasa osachira. Onjezani kuti ndinu bambo, ndipo mwapitirira zaka 60. Abambo sakhala ndi zotupazi kawirikawiri ngati amayi, koma chikapezeka mwa bambo timachikayikira kwambiri. N'chimodzimodzi ndi ana: chotupa cha m'chithokomiro mwa mwana chimakhala khansa pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse.

Kusapweteka kusakunamizeni. Khansa ya chithokomiro nthawi zambiri siipweteka. Chimene chimatupa mwadzidzidzi usiku umodzi n'kumawawa kawirikawiri chimakhala kathumba ka madzi kamene magazi atayikiramo, ndipo chimenecho n'chimene chimathamangitsa anthu kuchipatala, pamene chachetechete amachisunga chaka chathunthu.

Mawu anu ndi amene akundidetsa nkhawa koposa. Kumbuyo kwa chithokomiro, mbali zonse ziwiri, kumadutsa mtsempha wopyapyala umene umayendetsa timinofu totulutsa mawu m'kholingo. Chotupa chikaupanikiza kapena kuulowerera, mbali imodzi imaleka kuyenda ndipo mawu amasasa. N'zothekanso kuti vuto lili m'kholingo momwemo, makamaka ngati mumasuta fodya, ndipo chotupa mukuchimvacho ndi chotsatira chake. Zonse ziwiri zimafuna kuti dokotala wa khutu, mphuno ndi mmero asuzumire m'kholingo ndi kakamera, kuwonjezera pa TSH, sikani ya khosi lonse, ndi singano pa chotupacho ndi pa timbulu tija. Mukayamba kubanika, makamaka mukagona, kapena chakudya chikayamba kukakamira pakhosi, pitani tsiku lomwelo.

Adzakufunsani mafunso awiri amene mwina mudzadabwa nawo. Loyamba, ngati muli mwana munawotchedwapo ndi cheza cha kuchipatala kumutu, m'khosi kapena pachifuwa pochiza matenda ena. Chithokomiro cha mwana sichipirira cheza champhamvu. Fakitale ya magetsi a nyukiliya itaphulika ku Chernobyl mu 1986, anthu oposa 6,000 amene anali ana kapena achinyamata pa nthawiyo ku Belarus, Ukraine ndi Russia anali atapezeka ndi khansa ya chithokomiro pofika 2005. Lachiwiri ndi la kumtundu kwanu, chifukwa pali khansa ina yosowa, yotchedwa medullary, imene pa odwala anayi alionse mmodzi amachita kutengera kwa makolo. Imeneyo ili ndi poyezera pake m'magazi, calcitonin, ndipo ikapezeka kuti ndi yotengera kwa makolo, ana anu nawonso amafunika kuyezedwa.

Sindikukuuzani kuti muli ndi khansa, poti sindinakugwireni khosi. Koma ikadzapezeka, dziwani kuti pa odwala 10 a khansa ya chithokomiro, pafupifupi 8 amakhala ndi mtundu wotchedwa papillary, umene umayenda pang'onopang'ono ndipo umachizika ngakhale utafika m'timbulu ta m'khosi. Oposa 9 pa 10 a odwala mtundu umenewu amakhala ali moyo patatha zaka 10. Amachizidwa ndi opaleshoni, ndipo ena amamwetsedwanso ayodini wa cheza amene amakapha maselo otsalira. Ulipo mtundu wina wolusa, anaplastic, wa odwala osapitirira 2 pa 100, umene umakonda achikulire ndipo umakula m'masabata ochepa. Pa msinkhu wanu ngakhale papillary amakhala waukali kuposa mwa achinyamata. Miyezi itatu yapita kale, bambo.

Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 29. Nditachita ngozi ya galimoto anandijambula khosi, ndipo mwangozi anaona kachotupa ka mamilimita 6 m'chithokomiro. Pa ultrasound analemba TR3, ndipo akuti sikafunika singano. Ine mtima sukukhazikika. Bwanji osangochotsa chithokomiro chonsecho kuti ndiiwale?

*Mtsikana wofuna mtendere*

Mwanawe, chimene ukupemphachi dziko lathunthu linachiyesapo. Ku South Korea, kuyambira mu 1999, zipatala zinayamba kujambula makosi a anthu abwinobwino pa mtengo wochepa akabwera kudzayezetsa khansa zina. Pofika 2011, anthu ouzidwa kuti ali ndi khansa ya chithokomiro anali atachuluka kuwirikiza ka 15 poyerekeza ndi 1993. Ambiri anachitidwa opaleshoni. Chiwerengero cha omwalira ndi khansa imeneyi sichinasinthe. Zimene ankapezazo zinali tizotupa ting'onoting'ono timene anthu akanakalamba nato osadziwa n'komwe.

Ku Japan anatenga njira ina. Pa chipatala cha Kuma, mumzinda wa Kobe, dokotala Akira Miyauchi anayambitsa mu 1993 dongosolo lakuti odwala khansa ya papillary yosapitirira sentimita imodzi, imene sinafalikire ndiponso siili pamalo oopsa, azingojambulidwa nthawi ndi nthawi m'malo mochitidwa opaleshoni. Patatha zaka 10, mwa odwala oposa 9 pa 10 kachotupako kanali kasanakule ndi mamilimita atatu. Amene kanawakulira anachitidwa opaleshoni pa nthawiyo ndipo zinawayendera bwino. Amenewa anali anthu a khansa yotsimikizika. Kako n'ka TR3, gulu limene khansa imapezeka mwa osapitirira 5 pa 100, ndipo pa mamilimita 6 malamulo a TI-RADS sanena ngakhale zojambulanso.

Opaleshoni ya chithokomiro masiku ano ndi yodalirika. Dokotala Theodor Kocher wa ku Bern, m'dziko la Switzerland, analandira mphoto ya Nobel mu 1909 chifukwa cha ntchito yake pa chiwalo chimenechi, ndipo ndi iye yemweyo amene anaona mmene odwala ochotsedwa chithokomiro chonse ankafookera, kutupa ndi kuzizira maganizo. Lero tili ndi piritsi la levothyroxine lolowa m'malo mwa mahomoniwo, koma uyenera kulimwa m'mawa uliwonse moyo wako wonse, n'kumayezetsa magazi kuti mlingo ukhale woyenera. Ukadzakhala ndi pakati mlingowo udzafunika kukwezedwa msanga, chifukwa ubongo wa mwana m'miyezi yoyambirira umadalira mahomoni a mayi ake. Mtsempha wa mawu uja ndauza bambo pamwambapa ukhoza kuvulala pa opaleshoni, ndipo ochepa mawu awo sabwereranso. Kumbuyo kwa chithokomiro kulinso tiziwalo tinayi tating'ono ngati njere, toyang'anira kashiamu m'magazi. Tikawonongeka, munthu amachita dzanzi m'milomo ndi m'zala, minofu imakokana, ndipo ena amamwa mapiritsi a kashiamu mpaka kalekale. Ndinasamalirapo mphunzitsi wina wa msinkhu wako amene anaumirira opaleshoni pa chotupa chosaopsa, ndipo mpaka pano akaphunzitsa maola awiri mawu amamuthera. Ine sindingalole kuti mwana wanga alowe zimenezi chifukwa cha kachotupa ka mamilimita 6.

Sunga pepala la sikani lija pamalo abwino, kapena ulijambule pafoni, kuti aliyense wodzakujambula m'tsogolo adzakhale ndi poyerekezera. Ngati TSH sanakuyeze, upemphe. Ngati kumtundu kwanu kuli khansa ya chithokomiro, kapena unalandirapo cheza m'khosi uli mwana, bwerera ukawauze, chifukwa pamenepo akhoza kukonza zokujambulanso. Ngati palibe, ukabwerere pokhapokha ukayamba kukamva kachotupako ndi zala, mawu akasasa kupitirira masabata atatu popanda chimfine, kapena ukaona kambulu kolimba m'mbali mwa khosi.